Tsiku limene ndinaitana anamfedwa kuti adzavine

Pali mudzi wina kuno ku Neno, pachigwa penipeni panjira ya ku Matandani, umene ndikamadutsa ndimavula chipewa ngakhale kulibe maliro. Amayi akakhala pamjigo n'kuiona galimoto yanga ikutsika phiri amasiya kupopa madzi, n'kumakuwa onse pamodzi kuti, "Amene wakhala pansi ndi wansanje!" Ine ndimangokweza dzanja ngati sindikudziwa chimene akunena, chonsecho mawuwo ndi anga, ndinawayankhula ndekha ndi pakamwa pangapa. Nkhani yake ndikuuzani yonse, koma ndipemphe chinthu chimodzi: museke ine, osati galimoto yanga. Iyo inachita mbali yake.

Ine ndine wa geni ya mbatata ya kachewere. Ndimagula kwa alimi a kumapiri a ku Nsambe n'kukagulitsa kumunsi. Kagalimoto kanga ndi kaja ka buti yaitali, ka magiya apamanja, kamene ndinagula kwa munthu amene nayenso anagula kwa munthu wina. Injini yake ndi yaing'ono, koma sikanandigonekepo panjira, ndipo amene amadziwa misewu ya kwathu kuno nthawi ya dzinja akudziwa kuti amenewa si mawu wamba.

Ku Nsambe komweko ndi kumene ndinakwatira. Apongozi anga aamuna ndi mkulu wa mpingo, munthu wosayankhulayankhula, woyenda ndi ndodo ya nsungwi imene inachita kusalala ndi manja. Chikwatirireni mwana wawo, kupatula moni, anali asanandiyankhulepo maso ndi maso. Zonse zinkadzera kwa mkazi wanga, mayi a Tadala, ngakhale ine nditakhala pomwepo: "Uwauze awa asunthe galimoto, mbuzi zidutse." Dzina langa pakhomo paja linali "awa". Mkamwini mnzanga, mphunzitsi wa ku Mwanza, ankamutchula kuti "mkamwini wanga" pagulu, mokweza. Ine, amene ndinkawanyamulira feteleza chaka ndi chaka, ndinali "awa". Ndisanamepo apa, zinkandiwawa.

Ndiye panabwera ukwati wa mlamu wanga Lusiya, mzime wa m'banjamo. Pamsonkhano wokonzekera, anthu anakakamira pa nkhani ya zoimbira. Amene amachita hayala zimkuzamawu ali kutali, ndipo akangomva kuti Nsambe amayamba kukamba za msewu. Ine ndinaona kuti mpata wanga ndi umenewu. Ndinadzuka, n'kukonza kolala.

"Za mkwatibwi ndi za nyimbo mundisiyire ine. Galimoto yomweyo inyamula mkwatibwi, yomweyonso iimba pa perekaniperekani."

Apongozi anayang'ana mwana wawo. "Uwafunse awa ngati kagalimotoko kangathe ntchito ziwiri."

Inenso ndinayang'ana mkazi wanga. "Uwauze kuti kangathe zitatu." (Pakamwa pangapa, abale, pamathamanga kuposa galimoto.)

M'mawa mwake ndinali pa sitolo ya a Saidi pa Neno, amene amagulitsa mawailesi, masola ndi mabatire. Ndinaloza ampulifaya, chipangizo chokuzira mawu, yaikulu kuposa zonse, yotambalala ngati thireyi ya mazira, ndi chibokosi cha sipika chimene mwana akhoza kugonamo. Ndinaonjezera maiki ya nthambo yaitali, poti ndinali nditadzisankha kale kukhala woyendetsa mwambo.

"Izi mukaika pa bala kapena pa tchalitchi?" anafunsa a Saidi.

"M'galimoto."

Anasuzumira panja. "Iyo?"

"Yomweyo."

"Achimwene, ine ntchito yanga ndi kugulitsa, ndipo ndikufuna mugule. Koma chinthu ichi chimadya moto. Galimotoyo mwaifunsa?"

"Ndiifunse galimoto?"

"Olitaneta yake, kaja kamene kamapanga magetsi injini ikamalira. Kakakhala kochepa mphamvu, ichi chizikatapa m'batire, kutapa, kutapa, mpaka batire idzauma."

Ndinaseka mpaka kugwira kauntala. "A Saidi, galimoto imene imakwera phiri la ku Nsambe itasenza matumba a mbatata ingalephere kunyamula nyimbo? Nyimbo imalemera bwanji?"

Anangondithandiza kukweza chibokosicho m'buti, n'kundifunira ulendo wabwino.

Kulumikiza ndinalumikiza ndekha, ndipo pamenepa ndimadzitamabe mpaka lero. Nthambo yofiira ndinaitenga kuchoka pa ampulifaya mpaka pa batire penipeni, wailesinso chimodzimodzi, kuti zonse zizilira ngakhale kiyi ali m'thumba. Nanga pa perekaniperekani ndikanamaotcha mafuta tsiku lonse? Nditaliza koyamba, nkhuku za mayi a Tadala zinabalalika kulowa m'chimanga, galasi la kumbuyo n'kumanjenjemera lokha. Mtima wanga unangoti mbee. Posakhalitsa fyuzi inapsa. Ndinaika ina, nayo inapsa. Ndinaona kuti vuto ndi mafyuzi a masiku ano, ofooka, ndiye pamalo pake ndinapindapo waya wokhuthala. Sinapsenso.

Tsopano galimoto inayamba kundiyankha funso la a Saidi lija, koma ine sindinkamva chiyankhulo chake. Madzulo ena tikuchokera ku chigayo, mayi a Tadala anati, "Kodi magetsiwa akuphethiraphethira bwanji?" Zinalidi choncho: ng'oma ikati gu, magetsi akutsogolo amafooka, ikapuma amawala.

"Akuvina," ndinatero. "Magalimoto a m'tauni amachita kulipirira zimenezi."

Kenako kanyali kofiira kokhala ndi chithunzi cha batire kanayamba kuyaka pa dashibodi. Kankandisokoneza maso, ndiye ndinamatapo katepi kakuda. Pambuyo pake galimoto inayamba ulesi polira m'mawa, sitata kumachita kukoka ngati munthu wodzutsidwa kutulo. Kwina kulikonse munthu akanada nkhawa, koma kuno ku Neno batire yofooka si nkhani. Mulungu anatipatsa mitsetse. Aliyense wa galimoto amadziwa kuimika moyang'anitsa kumunsi, mwala kutayala. M'mawa uchotsa mwala, galimoto iyamba kutsetsereka, ulowetsa giya, usiya kilatchi, yalira. Ndinangoyamba kutero tsiku ndi tsiku, n'kuiwala kuti galimoto imalira ndi kiyi.

Panatsala zinthu ziwiri, ndipo muzigwire bwino chifukwa ndi zimene zinandimaliza. Choyamba, kafulashi ka nyimbo kankagwa pa wailesi tikangogunda bampu, ndipo kwathu kuno msewu wonse ndi bampu imodzi yaitali. Ndinakamata ndi guluu wolimba uja. Chachiwiri, ndinajambula mawu anga pa foni, mawu oitanira anthu ku ukwati, n'kuwaika koyambirira kwenikweni kwa fulashi. Wailesi yangayo inali ndi khalidwe lake: magetsi akangoidukira pang'ono imazima, ikadzuka imayambira pa chiyambi, voliyumu ili kumapeto, ndipo imatenga kanthawi isanayambe kumvera batani lililonse. Ndinaliona khalidweli, koma ndinalikonda, chifukwa ndiye kuti mawu anga ankamveka kawirikawiri.

Tsiku la ukwati linafika. Ndinaimika galimoto pamtsetse wa pakhomo pa apongozi, maliboni ali yangayanga, n'kutsegula buti. Kuyambira kum'mawa nyimbo zinali kulira injini ili chete, amayi akuvina pabwalo, nthungululu zili pakamwa, mkwatibwi akumuveka m'nyumba. Anthu anabwera kuchokera kutsidya kudzaona ngati kwabwera bandi. Ine ndinangotsamira chitseko, manja m'thumba, n'kumayankha mafunso mwachidule ngati munthu wozolowera kutchuka.

Lole ya anthu a ukwati inatsogola. Ife tinachedwa, poti velo inavuta. Tili pomwepo panabwera uthenga wochokera kutchalitchi: abusa akuti tifulumire, alandira uthenga wa maliro, ndiye akangomanga ukwati anyamuka, tikachedwa atisiya, ukwati udikire tsiku lina. Lusiya anayamba kulira. Ng'ombe inali itaphedwa kale, thobwa lili m'migolo.

"Mlamu, pukuta misozi, uwononga zodzolazo," ndinamuuza. "Wakwera galimoto ya anthu odziwa."

Apongozi anakhala kutsogolo ndi ndodo yawo, atavala suti imene amaisungira masiku aakulu. Lusiya ndi mayi a Tadala anakhala kumbuyo. Ndinachotsa mwala, tinatsetsereka, kilatchi, yalira. Ndipo monga mwa mwambo wa galimoto ya mkwatibwi, ndinayatsa chilichonse choyaka: magetsi akutsogolo, mahazadi, hutala osapuma, nyimbo mpaka kumapeto. Kaolitaneta kanga kosauka kankayenera kudyetsa onsewa, n'kudyetsanso batire imene inali itagona ndi njala kuyambira m'mawa. Ine zimenezo sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti anthu akusiya makasu m'minda n'kumatibayibitsa.

Tinatsika phiri lalitali lija, kufika pachigwa, n'kuwoloka kamlatho ka mitengo. Titangokhota, ndinaona masamba atayalidwa mopingasa msewu. Maliro. Anthu anali atadzaza pabwalo mpaka m'mphepete mwa msewu, abambo uku, amayi uko, onse atakhala pansi, nyimbo ya maliro ikumveka chapansipansi.

Pamenepa mundichitire umboni: ndinachita zonse zoyenera. Ndinachotsa dzanja pa hutala, ndinatsitsa voliyumu mpaka ziii, ndinachepetsa liwiro mpaka galimoto kumangokwawa. Ndinafunanso kuonetsa ulemu woonjezera, apongozi aone kuti ndinaleredwa, ndiye ndinavula chipewa ndi dzanja limodzi n'kuweramitsa mutu. Ndi pomwepo tayala linagwera m'kadzenje, phazi linaterereka pa kilatchi, galimoto inadumpha kamodzi n'kuzima. Inazimira pakatikati, moyang'anizana ndi khomo la siwa.

Ndinapotokola kiyi. Ke-ke-ke-ke. Wailesi inathima. Kenako inadzuka.

"Tamverani, tamverani anthu a m'mudzi muno! Lero ndi tsiku la chisangalalo! Tulukani nonse tidzavine! Amene wakhala pansi ndi wansanje!"

Kenako ng'oma: gu! gu! gu!

Abale, mawu anga ndi abwino, ndipo ampulifaya ija inawatulutsa bwino kuposa tsiku lina lililonse. Anagunda phiri la kutsidya n'kubwerera, moti "wansanje" anamveka kawiri. Nyimbo ya amayi ija inaduka. Mitu yonse inatembenuka.

Ndinapotokola batani la voliyumu, silinamvere. Chifukwa cha mantha ndinapotokolanso kiyi, poganiza kuti galimoto ikalira tithawa. Ke-ke-ke. Wailesi inathima, inadzuka. "Tamverani, tamverani anthu a m'mudzi muno!" Ndinazula kiyi n'kumuika m'thumba. Nyimbo inapitirira, nanga si ndinalumikiza ndekha kuti izitero. Ndinagwira kafulashi kuti ndikazule. Guluu uja, ndikuuzeni, ndi wabwino.

"Zimitsani! Bambo a Tadala, zimitsani!" mkazi wanga ankandimenya paphewa, uku akumufunditsa Lusiya chitenje kuti diresi loyera lisaoneke pamaliro.

Apongozi sanatembenuke n'komwe. Anangoyang'ana kutsogolo, manja onse ali pa ndodo, n'kunena mofatsa kuti, "Uwauze awa azimitse."

Ndinatuluka, n'kutsegula boneti kuti ndizule nthambo pa batire. Koma nthamboyo ndinali nditaimanga ngati sidzamasulidwanso mpaka kalekale, ndipo sipanala inali m'buti, pansi pa chibokosi cha sipika, pamwamba pake pali mphatso za ukwati. Ndinakoka ndi manja, ndinamenya ndi nsapato. Kumbuyo kwanga ine ndemwe ndinkapitiriza kuuza anamfedwa kuti asachite manyazi, atuluke, chiuno ndi chawo.

Pagulu paja panadzuka bambo wina wamfupi, fumbi lofiira lili thupi lonse, chikwanje chili m'manja. Anali mkulu wa adzukulu, atangobwera kumene kokumba manda. Anayenda mosafulumira, anasuzumira mu injini, anayang'ana ine, n'kuloza nthambo yofiira.

"Ndi iyi?"

"Ndi yomweyo, bambo."

Khapu! Kunangoti zii, moti ndinkamva madzi akuyenda pansi pa mlatho.

Mkulu uja anapukuta chikwanje pa buluku lake. "Ndiye mwati wansanje ndi ndani, bwana?"

Adzukulu mukuwadziwa, pamaliro ndi okhawo amene ali ndi ufulu woseka, ndipo anzake kumbuyoko anali atagwirana mapewa. Koma ena onse sanaseke. Ndipo chimene chinachitika pambuyo pake ndi chimene chimandipwetekabe. Apongozi anatsegula chitseko, anatsika pang'onopang'ono, anavula chipewa, n'kuyenda mpaka pamene panakhala akuluakulu. Munthu wamkulu ngati uja, ndi suti yake ya masiku aakulu, anakhala pansi pafumbi n'kuomba m'manja. Ine ndinakakhala kumbuyo kwawo, mutu uli pakati pa maondo.

"Pepani, eni maliro," anatero. "M'galimotomo muli mwana wanga, tikukamanga ukwati. Sitinadziwe kuti kuno kwagwa zovuta. Talakwira malemu, talakwira inu. Mutikhululukire."

Mchimwene wa malemu, nkhalamba ya mawu otsika, anati, "Tamva, bambo. Mlandu ulipo, koma mkwatibwi alibe mlandu. Adzukulu, akankheni anthuwa apite."

"Tiwakankha," anatero mkulu wa adzukulu uja, "koma chimkuzamawucho chibwerere kuno. Chayamba ntchito pano, chidzamalize pano. Anthu achuluka, akumbuyo samva kanthu. Ndipo abusa amene mukuwathamangirawo ndi omwe tikuwadikira ife. Mubwere nawo."

Tsopano onani tsoka lake: m'dziko lonse la mitsetse, ine ndinasankha kuzimitsa galimoto pamalo okhawo pamene mbali zonse ndi chikweza. Adzukulu anaikankha kukwera phiri, thukuta lili kamukamu, mkwatibwi ali m'kati atafunda chitenje, mpaka tinapitirira masamba a mbali inayo. Pamenepo anaisiya. Ndinaibweza chambuyo, ndinalowetsa livesi, n'kusiya kilatchi. Inatsokomola, inatsokomolanso, n'kulira tayala litatsala pang'ono kupondanso masamba aja. Ndinazimitsa magetsi onse, ngakhale mahazadi, n'kukwera phiri mwakachetechete ngati galimoto yonyamula wodwala.

Tinawapeza abusa ali pakhomo la tchalitchi, chikwama chili kale m'khwapa. Anatiyang'ana, anayang'ana kumwamba, n'kubwerera m'kati. Ukwati unamangidwa. Ine sindinauone, ndinali panja kulondera injini kuti isazime, uku ndikulumikiza nthambo yodulidwa ija ndi kuthyola kafulashi ndi pulayazi.

Anthu atatuluka, ulendo wa kumadyerero utayamba, apongozi anaitana mayi a Tadala. "Uwauze awa ndikwera nawo. Wopepesa uja ndinali ine, ndikaone mathero ake." Motero bambo wa mkwatibwi anasiya phwando la mwana wake womaliza chifukwa cha ine. Ulendo wobwerera kuchigwa tinayenda atatu, abusa, apongozi ndi ine. (Ku perekaniperekani anaimba ndi ng'oma ndi kwaya, ndipo mayi a Tadala amati zinakoma kuposa mmene zikanakhalira. Mawu amenewa sindinawakhululukirebe.)

Ulendo uno ndinaimika pamtunda, kuseri kwa khola, moyang'anitsa kumunsi, mwala kutayala, injini osazimitsa. Chibokosi tinachitulutsa n'kuchiyang'anitsa kugulu, nthambo ya maiki n'kufika pamene panali bokosi la malemu. Abusa anagogoda maiki. Panamveka kukhosomola kwa sipika, mawu odukaduka. Ndinaponda mafuta pang'ono, injini inakwera, mawu anayera. Ndinasiya, anadukanso. Ndinapondanso, anayera. Pamenepo ndi pamene ndinamva yankho la galimoto yanga, limene inakhala ikundiuza masiku onse aja: ampulifaya ndingainyamule, koma injini izilira mokweza, china chilichonse chikhale chozima, ndipo phazi lako lisachoke pamenepo.

Ndiye phazi silinachoke. Nyimbo inadutsa, pemphero linadutsa. Kenako mchimwene wa malemu uja anapatsidwa maiki kuti anene mbiri. Mawu ake, amene m'mawa ndinkachita kutchera khutu ndili pafupi, tsopano anadzaza chigwa chonse. Anati malemu a Mateyu anali munthu wosadziwa kukweza mawu, pamsonkhano ankakhala kumbuyo, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe dzina lawo. Anati kamlatho ka mitengo kaja, madzi akakakokolola dzinja lililonse, ndi a Mateyu amene ankadula mitengo m'munda mwawo n'kukakakonza okha, osauza munthu, osapempha kanthu. Ndinaona anthu kutsidya kwa mtsinje ataima panjira, akabaza atazimitsa njinga zawo, onse akumvetsera. Ine pamlatho umenewo ndawolokapo ndi mbatata zaka zonsezi, osadzifunsa kuti amaukonza ndani. Misozi inalengeza, koma phazi silinachoke.

Kenako unafika ulaliki. Abusa athuwa ndi munthu wabwino, koma tsiku limenelo anali atagwira maiki yomveka koyamba m'moyo wawo, ndipo sanafune kuisiya. Ankati akafika poti amaliza, amamva mawu awo akubwerera kuchokera kuphiri, n'kuyambanso mfundo ina. Mwendo wanga unayamba dzanzi, kenako kunjenjemera, kenako mnofu wa katumba unakokana. Phazi linafooka. Kunja ndinamva mawu a abusa akutsika, akudukaduka, pomwe anali atafika pakuti atonthoze mayi wamasiye. Ndinaluma mano, ndinakankha bondo ndi manja onse awiri, koma mwendo unali utakana.

Chitseko cha mbali inayo chinatseguka. Apongozi analowa, anakhala pansi, anayang'ana kumapazi kwanga. Kenako anatambasula ndodo yawo ya nsungwi, anailowetsa pambali pa giya, n'kuitsamiritsa pa chopondera mafuta. Injini inakwera. Mawu a abusa anayeranso.

"Chotsani phazi, mupume," anatero.

Ndinatembenuka kuyang'ana kumbuyo kuti ndione ngati mayi a Tadala alipo. Kunalibe munthu. Ankayankhula ndi ine.

Tinakhala choncho mpaka ulaliki unatha, iwo ndi ndodo, ine ndikusisita katumba. Nthawi ina anaonjeza mphamvu mpaka injini inabangula, ndipo ndinati, "Pang'ono, bambo," iwo n'kuchepetsa. Sitinakambe zambiri, koma kwa ine kunali kucheza kwakukulu.

Titabwera kumanda, dzuwa litapendeka, mayi wina anabwera pagalimoto n'kugwada chapatali. Anati watumidwa ndi mayi wamasiye. "Akuti zam'mawa zija aziiwala. Akuti amuna awo moyo wawo wonse sanamvekepo, koma lero amveka mpaka kutsidya. Akuti zikomo." Ndinangoomba m'manja. Mkulu wa adzukulu uja naye anadutsa, n'kumenya boneti ndi chikhatho. "Wansanje wakukhululukirani, bwana," anatero.

Tikukweza chibokosi m'buti, mkulu wina wa m'mudzimo anawafunsa apongozi, "Kodi a chimkuzamawuwa ndi ochokera kuti? Ndi a boma?"

Ndinasiya kukweza, chibokosi chili m'manja, kulemera konse kuja.

"Ayi," anatero apongozi. "Ndi mkamwini wanga."

Ananena mokweza. Sipanafunike ampulifaya.

Pobwerera kunyumba, titakwera phiri, apongozi anakhosomola n'kunena akuyang'ana kutsogolo, "Tsiku langa likadzafika, mudzabwere nacho chimenechi. Koma mudzaimike pamtsetse, ndipo mawu anu aja mudzawasiye kunyumba." Ndinavomera zonse ziwiri. Ndinafuna kuwakumbutsa kuti ndinanena kuti kagalimotoka kangathe ntchito zitatu, ndipo kathadi, koma kamodzi kokha m'moyo wanga ndinatseka pakamwa.

Chichokereni tsiku limenelo, kukagwa zovuta kudera kwathu, uthenga umafika kwa amfumu, kwa abusa, kenako kwa ine. Ndamvekapo mpaka ku Luwani. Katepi kakuda kaja ndinakamatula, fyuzi ndinabwezeretsa yeniyeni, ndipo ndinaika swichi pafupi ndi chiwongolero, yoti ndikangoigwira zonse zimakhala chete. Amene mukufuna kuika ampulifaya yaikulu m'kagalimoto kakang'ono, yambani mwafunsa olitaneta yanu. Magetsi akayamba kuphethira motsatira ng'oma, sakuvina ayi, akupempha thandizo.

A Saidi amandikumbutsa nthawi zonse ndikadutsa pa sitolo pawo kuti anandipezera olitaneta yaikulu, yoti ndikaika sindidzafunikanso kuponda mafuta. Mayi a Tadala nawo amati ndigule, ndisiye kuzunza galimoto. Onse akunena zoona, ndipo ndimawauza kuti ndikuganizira. Koma masiku ano uthenga wa maliro ukangofika, ndimapeza apongozi ali kale pamsewu, atavala chipewa, ndodo ili m'manja, akundidikira. Ndikasintha olitaneta, ndodo ija idzagwira ntchito yanji?